Fayilo ikakana kusungika mu Vim, musathamangire kutuluka

Vuto limeneli limagwera pafupifupi aliyense amene amasamalira seva ya Linux, ndipo kayambidwe kake sikasinthasintha. Mwalowa pa seva kudzera pa SSH, njira yolowera pa kompyuta ina muli patali, mwatsegula fayilo ya makonzedwe monga /etc/fstab kapena /etc/ssh/sshd_config ndi vi, pulogalamu yokonzera zolemba, mwatha mphindi 20 mukukonza mizere mosamala, ndipo pomaliza mwatayipa :wq n'kudina Enter. M'malo mobwerera ku terminal, pansi pa sikirini pakuoneka uthenga woyamba ndi E45, wonena kuti 'readonly' option is set, ndipo ukulangiza kuti muwonjezere chizindikiro cha ! kuti mukakamize. Mwamvera, mwatayipa :wq!, koma tsopano pabwera E212: Can't open file for writing. Mwaganiza zongotuluka ndi :q, nayonso yakana ndi E37: No write since last change. Kusunga kwakanika, kutuluka kwakanikanso, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amatseka windo yonse ya terminal kapena kutayipa :q! mwaukali, ntchito yonse n'kutayika.

Kusokonezeka kotere si chizindikiro cha umbuli. Bill Joy analemba vi mu 1976 ku Berkeley, pa nthawi imene makiyibodi ambiri analibe mabatani a mivi, ndipo Vim, mtundu wowonjezeredwa wa vi umene Bram Moolenaar anautulutsa mu 1991, inasunga kachitidwe kakaleko. Funso lofunsa mmene munthu angatulukire mu Vim linapitirira kuwerengedwa ka 1 miliyoni pa Stack Overflow, webusayiti ya mafunso a olemba mapulogalamu, mu 2017. Koma mayankho ambiri a funsoli amangophunzitsa kutuluka, pamene munthu amene fayilo yake yakana kusungika ali ndi vuto lina: akatuluka msanga, ataya zimene walemba.

Mfundo yoyenera kuigwiritsitsa ndi yakuti Vim sikhudza fayilo ya pa disiki pamene mukutayipa. Imakopera zolembazo mu RAM, ndipo zonse zimene mukusintha zimakhala mmenemo mpaka mutalamula kuti zilembedwe pa disiki. Choncho uthenga wa E45 kapena E212 ukutanthauza kuti malo amodzi okha akana kulandira zolemba zanu, koma zolembazo zikadali zonse bwinobwino malinga ngati pulogalamuyo ili yotsegula. Chochita choyamba ndi kuzipezera malo ena, chachiwiri ndi kufufuza chifukwa chimene malo oyambawo akanira, ndipo kutuluka kumabwera pambuyo pa zonsezi.

Yambani ndi kuona ngati Vim ikukumvani

Musanayese lamulo lililonse, dinani batani la Esc kawiri. Vim ili ndi makhalidwe angapo, ndipo ikakhala mu khalidwe lolembera, chilichonse chimene mungatayipe, ngakhale :wq, chimangolowa m'fayilomo ngati mawu wamba. Ndaonapo mafayilo a makonzedwe amene mzere wawo womaliza ndi :wq:q:q!, umboni wa munthu amene anavutika kufunafuna khomo. Pa Debian ndi Ubuntu zongoikidwa kumene, lamulo la vi kawirikawiri limatsegula vim.tiny, imene imachita zinthu monga vi yakale: sisonyeza mawu akuti INSERT pansi pa sikirini, ndipo mabatani a mivi akadinidwa pamene mukulemba amatulutsa zilembo A, B, C ndi D pa mizere yatsopano. Pamenepo maso sangakuuzeni khalidwe limene mulimo, n'chifukwa chake Esc ndi wofunika. Mukadina Esc kenako n'kutayipa chizindikiro cha madontho awiri, chiyenera kuoneka pa ngodya ya kumanzere pansi penipeni. Chikaoneka pamenepo, pulogalamuyo ikukumvani.

Sikirini ikauma osasuntha ngakhale pang'ono, kawirikawiri chachitika n'chakuti zala zinadina Ctrl ndi S mwa chizolowezi cha mapulogalamu ena, mmene mabatani amenewa amasunga fayilo. Pa terminal zambiri, Ctrl-S amaimitsa kuonetsa zinthu pa sikirini, ndipo Ctrl-Q ndi amene amamasula. Dziwani kuti mabatani onse amene munadina sikirini ili chiumire angathe kugwira ntchito nthawi imodzi mukangomasula, choncho yang'anani zolembazo musanapitirize, ndipo ngati pasokonekera, batani la u limabweza kusintha kumodzikumodzi.

Pali misampha inanso itatu imene imachokera ku chilembo cha q. Mukatembenuza dongosolo n'kutayipa q: m'malo mwa :q, pamatseguka kawindo kosonyeza malamulo amene munalembapo kale, ndipo kamatsekedwa ndi :q. Mukadina q n'kutsatiza chilembo china, pansi pamaoneka mawu akuti recording, kusonyeza kuti Vim yayamba kujambula mabatani anu, ndipo kudinanso q kamodzi kumathetsa zimenezo. Mukadina Q wamkulu, mungalowe mu khalidwe la Ex, mmene mzere uliwonse umayamba ndi madontho awiri, ndipo kuti mubwerere muyenera kutayipa mawu akuti visual n'kudina Enter. Uthenga wa E492: Not an editor command nthawi zambiri umatanthauza kuti Caps Lock ndi woyaka ndipo mwalemba :WQ, pakuti Vim imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono.

Pulumutsani zolembazo kaye

Lamulo la :w limalola kuti mulitsatize ndi dzina la fayilo ina. Ngati mumakonza /etc/ssh/sshd_config, tayipani :w ~/sshd_config.yatsopano, ndipo zonse zimene zili pa sikirini zilembedwa m'foda ya akaunti yanu, kumene muli ndi chilolezo chonse. Kumeneko kukakanikanso, yesani :w /tmp/sshd_config.yatsopano. Nakonso kukakana, pa Linux pali /dev/shm, foda imene imakhala mu RAM osati pa disiki, kotero imalandira fayilo ngakhale disiki itadzaza kapena itatsekeka. Kuipa kwake n'kwakuti zonse za mmenemo zimafufutika makina akazima, ndipo pa makina ambiri /tmp nayonso imasesedwa akayatsidwanso, choncho malo awiriwa ndi pongousira.

Musakhulupirire kuti zasungika musanaone ndi maso. Vim ikalemba bwino imasonyeza dzina la fayilo, chiwerengero cha mizere ndi mawu akuti written. Mungatsimikizenso osatuluka potayipa :!ls -l ~/sshd_config.yatsopano, chifukwa chizindikiro cha ! chikabwera poyamba chimatumiza lamulolo ku shell, pulogalamu imene imalandira malamulo a pa terminal. Kukula kwa fayiloyo kukakhala 0, simunapulumutse kanthu.

Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Ngakhale mwasunga ku dzina lina, :q ikanabe ndi E37, chifukwa Vim ikuonabe kuti fayilo yoyambayo sinalandire zosinthazo. Tsopano :q! alibe vuto, pakuti zimene akutaya muli nazo kale kwina. Mukabwerera ku terminal, yerekezani mafayilo awiriwo ndi diff /etc/ssh/sshd_config ~/sshd_config.yatsopano kuti muone ngati mwasintha zokhazo zimene mumafuna, kenako muikepo yatsopanoyo ndi sudo cp ~/sshd_config.yatsopano /etc/ssh/sshd_config. Ndikunena cp mwadala. Lamulo la cp likamalemba pa fayilo imene ilipo kale, mwini wake ndi zilolezo zake zimatsala mmene zinalili, pamene mv amaika fayilo yanuyo pamalopo pamodzi ndi umwini wanu, ndipo mapulogalamu ena, makamaka sudo ndi cron, amakana kuwerenga fayilo imene mwini wake kapena zilolezo zake n'zosayenera.

Njira imeneyi imagwira ntchito pa vi ya mtundu uliwonse, kuphatikizapo vi yaing'ono ya BusyBox imene imapezeka pa marauta a OpenWrt ndi pa Alpine Linux, n'chifukwa chake ndimaiika patsogolo pa njira zina zooneka zanzeru.

Pamene vuto ndi chilolezo

Nthawi zambiri chifukwa chake n'chapafupi: fayiloyo ndi ya root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa makinawo, ndipo inu munaitsegula ndi akaunti wamba, mutaiwala sudo, lamulo lobwerekera mphamvuzo. Vim imachenjeza msanga, pakuti potsegula imasonyeza mawu akuti readonly pafupi ndi dzina la fayilo, ndipo mukangoyamba kusintha imatulutsa W10: Warning: Changing a readonly file, kungoti uthengawu umazimirira msanga ndipo maso amakhala ali pa mzere umene mukukonza. Lamulo la :!ls -l % limasonyeza mwini wa fayiloyo ndi zilolezo zake, chifukwa chizindikiro cha % chimaimira dzina la fayilo imene yatsegulidwa, ndipo :!id limasonyeza kuti inu ndinu ndani pa makinawo.

E45 ndi E212 si chinthu chimodzi. E45 ndi Vim yokha imene ikukuletsani, mwina chifukwa fayiloyo ilibe chilolezo cholembera, kapena chifukwa munaitsegula ndi view kapena vim -R. Ngati fayiloyo ndi yanu, :w! amakwanira: Vim imachotsa chiletsocho kwa kamphindi, imalemba, n'kuchibwezera. E212 ndi makina enieniwo amene akana, ndipo palibe chiwerengero cha zizindikiro za ! chimene chingasinthe zimenezo.

Ndikuchenjezeni za :w! pa fayilo ya munthu wina imene ili m'foda yomwe inu muli ndi chilolezo cholembamo. Pamenepo lamuloli lingatheke, koma limatheka chifukwa Vim imachotsa fayilo yakaleyo n'kupanga yatsopano ya dzina lomwelo, ndipo yatsopanoyo imakhala yanu. Zimenezi zinandichitikira pa seva ina ya webusayiti: ndinakonza mzere umodzi, :w! anavomera popanda kudandaula, ndinatseka laputopu n'kupita kunyumba, ndipo m'mawa mwake ndinapeza kuti pulogalamu imene inkayenera kulemba m'fayiloyo yakhala ikulephera usiku wonse chifukwa mwini wake anali atasanduka ine. Kukonza kwake kunali lamulo limodzi la chown, koma kupeza chifukwa chake kunanditengera m'mawa wonse.

Kwa amene ali ndi ufulu wa sudo, pali njira yosungira osatuluka, imene ndi :w !sudo tee % > /dev/null. Lamuloli silipempha Vim kuti ilembe fayiloyo. Limatenga zolembazo n'kuzipereka ku pulogalamu ya tee, imene ikuyenda ndi mphamvu za root, ndipo tee ndi amene amazilemba ku dzina limene % akuimira. Mbali yomaliza ija imangoletsa kuti zolembazo zisadzaze sikirini. Mpata umene uli pakati pa w ndi ! ndi wofunika kwambiri, chifukwa mukauchotsa Vim imaona mawu otsatirawo ngati dzina la fayilo, ndipo ngati dzina la fayilo yanu lili ndi mipata, % aikidwe pakati pa zizindikiro zogwira mawu. Mukalowetsa pasiwedi, Vim idzaona kuti fayilo ya pa disiki yasintha ndipo idzafunsa chochita. Dinani L kuti iwerengenso kuchokera pa disiki, kenako :q adzalola. Mu Neovim njira imeneyi kawirikawiri imalephera, chifukwa malamulo a shell sapatsidwa terminal yoti sudo afunsirepo pasiwedi, kotero kumeneko bwererani ku njira yosunga ku dzina lina.

Ineyo njira ya tee ndimaiona ngati yothandiza pa ngozi yokha. Chizolowezi chabwino ndi kutsegula mafayilo a root ndi sudoedit, amene amakopera fayiloyo ku malo a kanthawi, amakupatsani kuti muikonze ndi akaunti yanu ndi makonzedwe anu a Vim, ndipo amaibwezera pamalo pake mukatuluka. Imaposanso sudo vim pa chitetezo, chifukwa Vim yoyenda ngati root imalola aliyense kutsegula shell ya root kuchokera mkati mwake.

Pamene muli root koma ikukanabe

E212 imaonekanso foda imene mwatchula ikakhala kuti kulibe. Vim imalola kutsegula dzina lililonse, ngakhale la m'foda yongopeka, ndipo vuto limaoneka pa nthawi yosunga. Chilembo chimodzi cholakwika, monga kulemba /etc/ngnix m'malo mwa /etc/nginx, n'chokwanira. Dinani Ctrl-G kuti muone dzina limene Vim ili nalo. Ngati dzinalo ndi lolakwika, gwiritsani ntchito :saveas ndi dzina lolondola, ndipo ngati ndi lolondola koma fodayo simunaipange, :!mkdir -p %:h amaipanga, pakuti %:h amaimira foda ya fayiloyo. Mauthenga ena awiri ndi osavuta: E32: No file name akutanthauza kuti munatsegula Vim popanda dzina, ndiye perekani dzina pambuyo pa :w, ndipo E13: File exists akutanthauza kuti fayilo ya dzina limene mwapereka ilipo kale, ndiye ganizani kaye musanawonjezere !.

Chovuta kwambiri ndi disiki imene yatsekeka n'kukhala yowerenga kokha. Mukayesa :!touch pa fayilo ina m'foda yomweyo n'kuona mawu akuti Read-only file system, ndiye kuti vuto si fayilo yanu ayi. Lamulo la findmnt limasonyeza ngati gawo la disikilo lalumikizidwa ndi ro (kuwerenga kokha) kapena rw (kuwerenga ndi kulemba). Zifukwa zake ndi zosiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Ngati munayatsa makinawo mu njira ya recovery kuti mukonze /etc/fstab imene yawaletsa kuyaka, kutsekekako n'kwadala, ndipo mount -o remount,rw / amatsegula. Ngati ndi gawo la NTFS pa laputopu imene ili ndi Windows ndi Linux pamodzi, kawirikawiri Windows sinazime kwathunthu chifukwa cha Fast Startup, ndipo Linux ikukana kulembapo kuti isawononge zinthu, choncho yatsani Windows n'kuizimitsa kwathunthu popanda Fast Startup. Pa kadi la SD, onani kabatani kotsetsereka ka m'mbali ngati kali pa Lock.

Koma ngati seva inkayenda bwino ndipo yangotsekeka yokha pakati pa ntchito, musathamangire kuitsegula. Magawo ambiri a ext4 amalumikizidwa ndi errors=remount-ro, kutanthauza kuti kernel, phata la Linux, ikaona cholakwika pa disiki imaletsa kulemba kuti zowonongeka zisachuluke. Werengani zimene dmesg akunena. Mukaona mauthenga a I/O error kapena EXT4-fs error, tumizani fayilo yanu yopulumutsidwayo ku makina ena ndi scp, koperani deta yofunika, kenako muyendetse fsck, pulogalamu yofufuza ndi kukonza zolakwika za pa disiki, gawolo lisanalumikizidwe. Kukakamiza kulemba pa disiki imene ikufa kumangowonjezera zotayika.

Palinso fayilo imene inakhomedwa ndi chattr +i. Fayilo yotere ngakhale root sangaisinthe, kuifufuta kapena kuisintha dzina, pamene ls -l sasonyeza chachilendo chilichonse. Lamulo la lsattr ndi limene limaulula, posonyeza chilembo cha i, ndipo chattr -i amachotsa. Anthu amakonda kukhoma /etc/resolv.conf motere pofuna kuti mapulogalamu a netiweki asailembenso. Musanachotse chikhomocho, funsani amene anachiika, ndipo mukamaliza muchibwezere. Pa foda ya NFS, imene imachokera ku makina ena kudzera pa netiweki, makonzedwe a root_squash amasandutsa root wa makina anu kukhala munthu wopanda mphamvu, kotero sudo sathandiza, ndipo muyenera kulemba monga mwini fayiloyo.

E514, uthenga umene simuyenera kutuluka nawo

Pa mauthenga onse, uwu ndi woopsa. E514 akunena kuti kulemba kunayamba koma sikunathe, ndipo amafunsa ngati disiki yadzaza. Kusiyana kwake ndi E212 n'kwakukulu. Pa E212 fayilo yakale sinakhudzidwe, pamene pa E514 ingakhale itadulidwa pakati kapena itatsala yopanda kanthu, chifukwa kulemba kumayamba ndi kukhuthula zakale. Nthawi zina Vim yokha imawonjezera chenjezo lakuti fayilo yoyambirira ingakhale itatayika kapena kuwonongeka, ndi kuti musatuluke mpaka italembedwa bwino. Pa mphindi imeneyo, zolemba zokhazo zathunthu zingakhale zimene zili pa sikirini yanu, ndipo :q! angafufute zatsopano ndi zakale zomwe.

Sungani ku /dev/shm nthawi yomweyo, kenako yang'anani malo ndi :!df -h. Gawo losonyeza 100% ndi limene lili ndi vuto. Malo akaoneka kuti alipo koma kulemba kukukanikabe, yesani :!df -i, chifukwa disiki ingathe kutha ma inode, amene ndi manambala olembetsera mafayilo, ikadzazidwa ndi timafayilo tambirimbiri tating'ono. Dziwaninso kuti ext4 mwa chizolowezi imasungira root 5% ya malo, n'chifukwa chake akaunti wamba ingalephere kulemba pamene root akulembabe.

Simufunika kutuluka kuti mupeze malo. Ctrl-Z amaimitsa Vim kwa kanthawi n'kukubwezerani ku shell, zolemba zanu zili chikhalire mu RAM, ndipo lamulo la fg limakubwezeraninso. Kapena tsegulani SSH yachiwiri. Pa Debian ndi Ubuntu, sudo apt clean amachotsa maphukusi otsitsidwa kale, ndipo sudo journalctl --vacuum-size=200M amachepetsa zolemba za journal, zimene nthawi zambiri zimakwanira kuti fayilo ya makonzedwe isungike. Lamulo la du -xh /var | sort -h | tail limasonyeza mafoda amene akula kwambiri. Mukafufuta fayilo yaikulu ya log koma df osasintha, ndiye kuti pulogalamu ina ikuigwirabe, ndipo malowo sabwerera mpaka pulogalamuyo itayambitsidwanso. Lamulo la lsof +L1 limaitchula. Malo akapezeka, bwererani ndi fg, tayipani :w, ndipo muone mawu akuti written musanatuluke. Njira ya tee musaiyese disiki ili yodzaza, pakuti nayonso imayamba ndi kukhuthula fayiloyo.

Pamene mukufunadi kutaya zosinthazo

Ngati munangotsegula fayiloyo kuti muiwerenge ndipo zala zinasintha zina mwangozi, :q! ndi wolondola, ndipo ZQ amachita zomwezo popanda madontho awiri. Ngati mukufuna kutaya zosintha koma n'kukhalabe mkati, :e! amawerenganso fayiloyo kuchokera pa disiki. Pamene mwatsegula mafayilo angapo, :q! angakusiyeni mu windo ina kapena kukusonyezani fayilo inanso yosasungidwa ndi uthenga wa E162, ndipo :qa! ndi amene amatseka zonse pamodzi. Mukadina Ctrl-C, Vim ya masiku ano imakulangizani kutayipa :qa! yemweyo, koma werengani uthengawo mpaka kumapeto, chifukwa ukunena poyera kuti zosintha zonse zitayika.

Vim ikatsegulidwa ndi pulogalamu ina, katulukidwe kanu kamakhala uthenga kwa pulogalamuyo. Pa git commit wamba, kutuluka osalemba kanthu kumathetsa commit chifukwa uthenga ndi wopanda kanthu. Koma pa git commit --amend kapena git rebase -i, fayiloyo imabwera ili ndi zolemba kale, kotero :q! amachititsa git kuganiza kuti mwavomereza, ndipo imapitiriza. Kuti muimitse, tulukani ndi :cq, amene amatseka osasunga n'kuuza pulogalamu yoitanayo kuti pachitika cholakwika. Pa visudo, mukasunga fayilo yolakwika mudzafunsidwa chochita: e amakubwezerani kukakonza, x amatuluka osasunga, ndipo Q amasunga zolakwikazo, zimene zingakutsekereni kunja kwa sudo. Musasankhe Q.

Pamene kulumikizana kwaduka

Netiweki ikaduka kapena magetsi akazima muli mkati mwa Vim, sikirini imauma ndipo Ctrl-Q sathandiza. Kuti mutseke SSH yakufayo, dinani Enter, kenako chizindikiro cha ~, kenako kadontho. Ntchito yanu siinatheretu, chifukwa Vim imasunga zosintha zanu m'fayilo yobisika ya swap, imene dzina lake limayamba ndi kadontho n'kutha ndi .swp, ndipo imailemba mukatayipa zilembo 200 kapena mukapuma masekondi 4. Foda ya fayiloyo ikakhala yoletsedwa kwa inu, swap imapita ku ~/tmp, /var/tmp kapena /tmp. Lamulo la vim -r lokha limasonyeza ma swap amene likuwapeza, ndipo vim -r ndi dzina la fayilo limabweza zolembazo.

Mukatsegulanso fayiloyo n'kuona E325: ATTENTION, werengani mzere wa process ID. Ukanena kuti still running, ndiye kuti Vim yakaleyo ikadali moyo, mwina munaiimitsa ndi Ctrl-Z n'kuiwala, ndipo lamulo la jobs lidzaisonyeza ngati muli mu shell yomweyo, kapena mnzanu wina akukonza fayilo yomweyo pakali pano. Ngati inafa, sankhani R, sungani ku dzina lina, yerekezani ndi diff, ndipo mukakhutira mufufute fayilo ya .swp ndi manja anu, apo ayi chenjezolo lizibwerabe. Mukafuna kupha Vim imene yatsalira, gwiritsani ntchito kill wamba, amene amaipatsa mpata womaliza kulemba swap, ndipo kill -9 akhale wa pamapeto. Kumbukirani kuti :q! amafufuta swap, kotero palibe chobweza pambuyo pake, ndiponso disiki ikadzaza swap nayonso imalephera kulembeka. Amene netiweki yawo imadukaduka achite bwino kugwirira ntchito mkati mwa tmux kapena screen, mmene Vim imapitiriza kuyenda pa seva ngakhale inu mutaduka, ndipo tmux attach amakubwezerani pamzere pomwe munali.

Ngati pulogalamuyo ndi nano

Mfundo yake ndi yomweyo, mabatani okha ndi amene akusiyana. Pansi pa sikirini ya nano, chizindikiro cha ^ chimaimira Ctrl. Kusunga kukakanika ndi uthenga wa Permission denied, dinani Ctrl-O, fufutani dzina limene laoneka, lembani lina la m'foda yanu, dinani Enter, ndipo muvomere ikafunsa ngati mukufuna kusunga ku dzina lina. Ctrl-X amatuluka, ndipo funso la Save modified buffer likabwera, N amataya zosintha, Y amayesanso kusunga, pamene Ctrl-C amakubwezerani ku zolemba zanu. Kulumikizana kukaduka, nano imayesa kusiya fayilo ya dzina lomwelo lothera ndi .save. Mu Emacs, Ctrl-X wotsatizana ndi Ctrl-W amasunga ku dzina lina, ndipo Ctrl-X wotsatizana ndi Ctrl-C amatuluka.

Ngati simufuna kuti git, crontab -e kapena sudoedit azikutsegulirani vi, ikani mzere wa export EDITOR=nano ndi wa export VISUAL=nano m'fayilo ya ~/.bashrc. Pa Debian ndi Ubuntu mungagwiritsenso ntchito select-editor pa akaunti yanu, kapena sudo update-alternatives --config editor pa makina onse. Fedora inachita zimenezi kwa aliyense mu 2020, pamene Fedora 33 inaika nano kukhala yoyamba. Komabe pa rauta, mu container yaing'ono kapena pa seva imene yakana kuyaka, vi ingakhale yokhayo imene ilipo, choncho tsegulani /etc/hosts lero ndi akaunti wamba, sinthani chilembo chimodzi, tayipani :w, dikirani E45, sungani ku ~/hosts.kuyesa, ndipo mutuluke ndi :q! kuti zala zanu zizolowere dongosolo limeneli pa tsiku lopanda changu.